Kuyenga Mafuta a Mtedza Pakhomo ndi Kuyesa Mphamvu Yake pa Chuku ndi Mabakiteriya

Aliyense amene wakhalapo ku Mzuzu m'nyengo ya dzinja amalidziwa khalidwe la chuku. Nsapato zachikopa zimene mwaziiwala kunsi kwa bedi kwa masabata awiri zimatuluka zitamera ubweya wobiriwira, khoma la kuseri kwa kabati limachita mawanga akuda, ndipo buledi wogula Lolemba safika Lachisanu ali bwino. Mzinda uno uli pamalo okwera mamita oposa 1,200, mvula imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu Juni ndi Julayi mawawa ndi nkhungu ya m'mawa zimasunga chinyezi m'nyumba. N'chifukwa chake nkhani yakuti mafuta a mtedza, a soya ndi a mbewu zina za mtundu wa nyemba amapha chuku ndi mabakiteriya imalandiridwa ndi manja awiri kuno, moti ena afika podzoza mafutawa pa chipere cha mwana n'kumadikira kuti chipole.

M'nkhaniyi muli choona, koma n'chochepa kusiyana ndi mmene amachikuzira amalonda. Njira yabwino yodziwira pamene choonacho chalekezera ndi kuyenga mafutawo nokha, kuwayesa mwadongosolo, ndi kuona zotsatira ndi maso anu. Malangizo otsatirawa ndi oyenera mphunzitsi wa sayansi amene ali ndi kalabu ya ana asukulu, wophunzira wa pakoleji amene akufuna mutu wa kafukufuku, komanso mlimi wa dimba amene akufuna chopopera masamba chosalowa m'thumba.

Kusankha mbewu yoyamba nayo

Mbewu za mtundu wa nyemba sizifanana pa mafuta. Mtedza, umene abale athu olankhula Chitumbuka amautcha skaŵa, uli ndi mafuta pafupifupi theka la kulemera kwake, pakati pa magawo 44 ndi 50 pa 100 alionse. Soya ali ndi magawo 18 mpaka 20, nzama zili ndi magawo osafika 10, pamene nyemba, khobwe ndi nandolo zili ndi gawo limodzi kapena awiri okha. Izi zikutanthauza kuti ndi mtondo, munsi ndi manja anu mungathe kutulutsa mafuta mu mtedza wokha. Soya amafuna makina opanikiza mwamphamvu, ndipo nandolo kapena khobwe sizitulutsa kadontho kalikonse pokhapokha zitasungunulidwa ndi mankhwala mu labotale. Choncho yambani ndi mtedza. Ngati mungaupeze, mtundu wa CG7, wofiira uja, ndi wodziwika kuti uli ndi mafuta ambiri, koma Chalimbana kapena mtundu wina uliwonse umene uli pamsika ugwira ntchito, bola mulembe dzina lake ndi kumene waulimidwa.

Gawo loyamba: kusankha mtedza wopanda chuku

Gawo ili ndi limene anthu amalithamangira, chonsecho ndi limene lili ndi ngozi yaikulu. Mtedza umene tikufuna kuti utipatse mafuta olimbana ndi chuku nawonso umagwidwa ndi chuku choopsa kwambiri chotchedwa Aspergillus flavus, chimene chimapanga poizoni wa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika m'chaka cha 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi zotsalira za mtedza wochokera ku Brazil. Mwa anthu amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwalochi. Kukazinga ndi kuphika sikumuthetsa, ndipo mbali ina ya poizoniyu imatha kulowa m'mafuta oyengedwa pakhomo, amene sadutsa m'njira zoyeretsera za kufakitale.

Ngati n'kotheka gulani mtedza wa makoko ndi kuusenda nokha uli wouma. Pali chizolowezi choipa chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ndipo mtedza wosendedwa motero ukalowa m'thumba usanaumenso umakhala munda wa chuku. Pogula wosendasenda pamsika wa mu tawuni kapena kwa alimi ochokera mbali za Ekwendeni ndi Mzimba, lumani njere imodzi: youma bwino imathyoka ndi kaphokoso, pamene yachinyezi imangophwanyika mwa ndii ngati mbatata yosapsa. Nunkhizaninso m'thumba, chifukwa fungo la m'nyumba yotsekedwa nthawi yaitali ndi chizindikiro choti musagule.

Mukafika kunyumba yalani makilogalamu awiri a mtedza pa lichero panja pamene pali kuwala kokwanira, ndipo chotsani njere iliyonse yonyala, yothyoka, yobooledwa ndi tizilombo, yosintha mtundu, kapena yokhala ndi ufa wobiriwira kapena wachikasu m'mng'alu wake. Musamve chisoni ndi njere zokayikitsa, pakuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola, ndipo njere zowerengeka zoipa zimatha kuipitsa chiponde chonse. Zimene mwachotsazo musazisinje kuti zikhale nsinjiro ndiponso musapatse nkhuku, zikwirireni pansi.

Gawo lachiwiri: kukazinga, kusinja ndi kufinya

Kazingani mtedzawo pa chiwaya kapena m'phale pamoto wa makala wosayaka kwambiri, mukutakasa osalekeza, mpaka khungu lofiira liyambe kusupuka mukafikisa ndi zala ndipo m'kati mwa njere mwangoyamba kusintha mtundu pang'ono. Cholinga si kupeza mtedza wokoma kutafuna ayi, koma kuchotsa chinyezi ndi kufewetsa njere kuti itulutse mafuta. Mtedza wopserera umatulutsa mafuta akuda onunkha utsi, ndipo zimene utsi ndi kupserera zawonjezera m'mafutamo zingasokoneze kuyesa kwanu. Uzizire pang'ono, kenaka fikisani ndi manja ndi kupeta kuti makungu auluke.

Sinjani mtedzawo mu mtondo wotsukidwa ndi kuumitsidwa bwino, kapena pogayira pa manja, mpaka usanduke chiponde chosalala chonyezimira. Mukaona kuti munsi wayamba kukakamira ndipo pamwamba pa chipondecho pakung'anima, mwafika. Musathire mchere kapena shuga, popeza mchere pawokha umalepheretsa tizilombo kukula ndipo ungakunamizeni kuti mphamvuyo ndi ya mafuta.

Ikani chipondecho m'beseni loyera chikadali chofunda, ndipo thirani madzi owira pang'onopang'ono, supuni ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, mukukanya ndi mthiko poyamba kenaka ndi manja osamba bwino. Poyamba zimaoneka ngati mwalakwitsa, chifukwa chipondecho chimalimba, chimada, ndipo chimayamba kugawanika m'timibulu. Pitirizani kukanya. Patapita mphindi zingapo mudzaona mafuta akutuluka m'mbali mwa mtandawo ngati thukuta, n'kuyamba kusonkhana pansi pa beseni. Chimene chikuchitika n'chakuti madzi akugwirana ndi mbali ya mtedza yomanga thupi ija, ndipo mafuta akusowa pogwira. Madzi akachuluka zonse zimasanduka phala ndipo mafuta sapatukanso, choncho pa kilogalamu imodzi musapitirire theka la kapu pokhapokha mtandawo ukakhala woumiratu.

Tsanulirani mafuta otulukawo m'kapu, kenaka ikani mtandawo m'nsalu yoyera yolimba, potokolani nsaluyo mwamphamvu, kapena itsendereni pakati pa matabwa awiri ndi mwala wolemera pamwamba. Pa kilogalamu imodzi yembekezerani mafuta okwana pafupifupi kapu imodzi, zimene n'zochepa poyerekeza ndi mafuta onse amene ali mu mtedzawo koma n'zokwanira pa kuyesa konse kumene kukubwera. Zotsalira zake ndi chakudya chabwino chotendera ndiwo ngati mtedza unasankhidwa mosamala.

Gawo lachitatu: kuchotsa madzi ndi kusunga

Mafuta ongofinyidwa kumene amakhala a mbuu, ndipo muli timadontho ta madzi ndi tizidutswa ta mtedza. Ine ulendo wanga woyamba ndinawathira m'botolo momwemo n'kuliika pawindo la kukhitchini, m'mwezi wozizira. Patatha masabata atatu pansi pa botololo panali nsenga yotuwa itachita ulusi wa chuku, ndipo mafuta amene ndinkafuna kuonetsa ana kuti amapha chuku anali atachilera okha. Chuku ndi mabakiteriya sizikula m'mafuta ouma, koma zimakula bwino pamalire a madzi ndi mafuta, makamaka pakakhala zakudya zotsalira.

Popewa zimenezi, siyani mafutawo m'botolo lagalasi lovundikira kwa masiku awiri kuti nsenga idikhe, kenaka tsanulani a pamwamba mosagwedeza. Atenthetseni m'poto wouma pamoto wochepa kwambiri mpaka thovu ndi kuthetheka zitasiya, pakuti kuthethekako ndi madzi amene akutuluka, ndipo achotseni pamoto asanayambe kufuka. Akazizira asefeni pa nsalu yopinda kanayi kapena pa pepala losefera khofi. Botolo losungira liwiritsidwe kwa mphindi 10 ndipo liumiretu m'kati musanathiremo. Lidzazeni mpaka m'khosi kuti mpweya uchepe, tsekani, lembani tsiku ndi mtundu wa mtedza, ndi kuliika m'kabati mopanda dzuwa. M'nyengo yozizira ya kuno mafuta a mtedza amatha kuchitanso mbuu kapena kulimba pang'ono usiku, ndipo zimenezo si kuwonongeka, chifukwa akafunda amayeranso.

Mphamvu imene mukuifunayo ili pati

Musanayambe kuyesa ndi bwino kumvetsa chimene mukuyembekezera, kuti zotsatira zisakukhumudwitseni. Mafuta a mbewu amapangidwa ndi zidulo za mafuta, kapena kuti maasidi a m'mafuta, zomangidwa zitatuzitatu pa chinthu chozigwira chotchedwa glycerol. Mu mtedza zochuluka ndi oleic acid ndi linoleic acid, pamene mu soya linoleic acid yekha amapitirira theka. Zidulo zimenezi zikakhala zomasuka zimatha kulowa m'chikuta chopyapyala chimene chimakuta selo la bakiteriya, n'kuchibowola kuti za m'kati zitayike, ndipo linoleic acid amasokonezanso njira imene mabakiteriya ena amapangira mafuta awoawo. Koma zikakhala zomangidwa, monga mmene zilili m'mafuta atsopano abwino, mphamvu yake imakhala yochepa zedi. Tingaziyerekeze ndi mipeni yomangidwa pamodzi m'chimake.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Malamulo a zakudya a padziko lonse otchedwa Codex amafuna kuti mafuta oyeretsedwa kufakitale akhale ndi zidulo zomasuka zochepa kwambiri, pa mlingo wosapitirira 0.6 pa muyezo wa zidulozo, pamene mafuta ongofinyidwa amaloledwa kufika pa 4.0. Mafuta akamakalamba, makamaka pamene muli chinyezi, zidulo zomasuka zimachuluka. Ndiye kuti mafuta osasa, amene sayeneranso kudyedwa, angaonetse mphamvu yoposa ya mafuta abwino pa tizilombo, ndipo munthu wosadziwa zimenezi angalengeze kuti wapeza mankhwala pamene wangoyesa mafuta owonongeka. Dziwaninso kuti chidulo chodziwika kwambiri pa kupha tizilombo, lauric acid, chimapezeka chochuluka m'mafuta a kokonati, osati a mbewu za mtundu wa nyemba.

Mabakiteriya nawonso sali gulu limodzi. Kuyambira 1884, pamene wasayansi Hans Christian Gram anapeza njira yowapaka utoto, amagawidwa pawiri. A gulu la Staphylococcus aureus, woyambitsa zithupsa ndi mafinya, amagonja msanga ku zidulo za mafuta. A gulu la Escherichia coli wa m'matumbo ali ndi chikuta chachiwiri kunja chimene chimatchinga zidulozo, ndipo kawirikawiri sagwedezeka nazo.

Gawo lachinayi: kuyesa pa chuku ndi mbatatesi

Kuyesa uku kungachitike pakhomo kapena m'kalasi, ndipo kumagwiritsa ntchito mbatatesi yophika, imene ngakhale katswiri wa mabakiteriya Robert Koch ankameretsapo tizilombo asanayambe kugwiritsa ntchito agar, phala loundana lomeretserapo tizilombo mu labotale. Musagwiritse ntchito buledi wa m'sitolo, popeza wambiri amakhala ndi mankhwala oletsa chuku. Mudzafunika mabotolo agalasi 12 a kukamwa kwakukulu ngati a jamu, okhala ndi zivundikiro zake, mbatatesi zitatu zazikulu zofanana, mafuta anu a mtedza, mafuta a liquid paraffin a kufamase (osati parafini wa nyali), viniga, ndi cholembera pagalasi.

Wiritsani mabotolo ndi zivundikiro kwa mphindi 10 ndi kuwasiya aume atazondoka pa nsalu yoyera. Sendani mbatatesi, ziduleni m'zipande 12 zokhuthala ngati chala, ndipo ziphikeni mpaka zipse koma zisaphwanyike. Zikazizira ikani chipande chimodzi m'botolo lililonse pogwiritsa ntchito foloko yowiritsa. Gawani mabotolowo m'magulu anayi a atatuatatu. Gulu loyamba musalipake kanthu. Lachiwiri lipakeni madontho asanu a mafuta a mtedza pa chipande chilichonse, n'kuwafalitsa ndi kumbuyo kwa supuni yoyera. Lachitatu lipakeni madontho asanu a liquid paraffin, ndipo lachinayi madontho asanu a viniga.

Gulu lachitatu ndi limene limasiyanitsa kuyesa kwenikweni ndi masewera. Mafuta alionse akakuta chinthu amatchinga mpweya, ndipo chuku chimafuna mpweya kuti chikule. Liquid paraffin alibe zidulo za mafuta, choncho ngati chuku chachedwa mofanana pa iye ndi pa mafuta a mtedza, ndiye kuti chachedwetsa ndi kutchinga mpweya chabe. Ngati chachedwa kwambiri pa mafuta a mtedza kuposa pa paraffin, pamenepo mwina muli chinthu china m'mafutamo. Viniga ndi wodziwika kale kuti amalepheretsa tizilombo tambiri, ndipo ali pamenepo kuti mukhale ndi choyerekezera.

Siyani mabotolo onse ali otsegula patebulo limodzi m'chipinda chimodzi kwa mphindi 30, kuti mbewu za chuku zouluka mumpweya zigwere mofanana. Kenaka vundikirani, matani selotepi kuzungulira chivundikiro, ndipo aikeni pashelefu imodzi mosakaniza magulu, kuti pasakhale gulu lokhala kufupi ndi windo lonse. Chuku chambiri chimakula msanga pa madigiri 25 mpaka 30, ndiye m'miyezi yozizira ya ku Mzuzu mungadikire masiku ochulukirapo kusiyana ndi munthu wa kunyanja ku Nkhata Bay. Tsiku lililonse pa ola lomwelo yang'anani kudzera pagalasi, lembani tsiku limene kadontho koyamba kaoneka m'botolo lililonse, mtundu wake, ndi gawo la chipande limene lakutidwa, ndipo jambulani ndi foni muli pamtunda wofanana. Chitani zimenezi kwa masiku 10.

Mabotolowa asatsegulidwenso ndipo pasapezeke wolawa kapena kununkhiza. Kupuma fumbi la chuku n'koopsa kwa odwala mphumu ndi kwa amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, ndipo mbatatesi yophika yokutidwa ndi mafuta ndi malo amene bakiteriya wa Clostridium botulinum angapangiremo poizoni wakupha. Pomaliza masulani zivundikiro pang'ono muli panja, miizani mabotolowo m'chidebe cha madzi a jiki usiku wonse, kenaka kwirirani za m'katimo.

Powerenga zotsatira musatengeke ndi botolo limodzi. Ngati mwa atatu a mafuta a mtedza awiri achita chuku tsiku lachinayi ndipo limodzi tsiku lachisanu ndi chitatu, simunapeze kanthu kupatula kuti mpweya sunagawe mbewu zake mofanana. Chimene mungachikhulupirire ndi kusiyana kumene kwaoneka m'mabotolo onse atatu ndipo kwabwereranso mutachita kuyesaku kachiwiri. Musadabwenso mukaona chuku chikukula bwino pa mafuta a mtedza, chifukwa mitundu yambiri ya chuku imatulutsa michere yogaya mafuta n'kuwasandutsa chakudya chake.

Gawo lachisanu: kuyesa pa mabakiteriya mu labotale

Mabakiteriya oyambitsa matenda sameretsedwa pakhomo kapena m'kalasi ya sekondale. Gawo ili ndi la amene ali ndi mwayi wolowa mu labotale yokhala ndi zipangizo, monga ophunzira sayansi pa Mzuzu University ku Luwinga, ndipo lichitike pamaso pa katswiri woyang'anira labotaleyo. Kumeneko n'kumenenso mungatulutse mafuta mu nandolo, khobwe, nzama ndi soya: perani njere zouma, ikani ufawo m'chipangizo cha Soxhlet, chimene chinapangidwa mu 1879, ndipo sungunulani ndi hexane, mankhwala amadzi osungunula mafuta, kwa maola angapo. Hexane amawira pa madigiri 69 ndipo amagwira moto mosavuta, choncho pasakhale lawi pafupi, ndipo auluke yense m'mafutamo musanayese, apo ayi mudzakhala mukuyesa mphamvu ya hexane.

Njira yozolowereka imatsatira ya Kirby ndi Bauer ya 1966. Konzani Mueller-Hinton agar, iphikeni mu autoclave, chipangizo chophera tizilombo ndi nthunzi, pa madigiri 121 kwa mphindi 15, ndipo thirani m'timbale ta Petri kuti ikhuthale mamilimita anayi. Gwiritsani ntchito mitundu yodziwika ya tizilombo, monga Staphylococcus aureus ATCC 25923, Escherichia coli ATCC 25922 ndi yisiti wa Candida albicans ATCC 10231, kuti zotsatira zanu zithe kuyerekezedwa ndi za ena. Sungunulani tizilomboto m'madzi a mchere mpaka mbuu wake ufanane ndi mlingo wa 0.5 pa muyezo wa mbuu wotchedwa McFarland, pakani pa mbale yonse mofanana, kenaka ikani timapepala tozungulira ta mamilimita 6 tonyowetsedwa ndi mafuta anu. Pa mbale iliyonse pakhale kapepala ka mankhwala odziwika, monga gentamicin wa mamaikilogalamu 10 pa mabakiteriya kapena fluconazole wa 25 pa Candida, ndi kena kokhala ndi chosungunulira chokha. Sungani pa madigiri 35 kwa maola 16 mpaka 18 pa mabakiteriya ndi maola 24 pa yisiti, kenaka yezani ndi rula m'mimba mwa bwalo loyera limene lazungulira kapepala kalikonse.

Vuto la njirayi pa mafuta n'lakuti agar ndi madzi pafupifupi yense, ndipo mafuta sayenda m'madzi. Kapepala kangathe kusaonetsa bwalo lililonse chifukwa mafuta angokhala pamalo amodzi, osati chifukwa alibe mphamvu. Ofufuza amasungunula mafutawo m'mankhwala otchedwa DMSO kapena kuwasakaniza ndi Tween 80 wochepa, amene amathandiza mafuta kusakanikirana ndi madzi, koma ziwiri zonsezi zili ndi zovuta zake, pakuti DMSO wochuluka amapha tizilombo payekha, pamene Tween 80 amatha kufooketsa mphamvu ya chinthu chimene mukuyesa. N'chifukwa chake kapepala ka chosungunulira chokha sikayenera kusowa. M'kuona kwanga, wophunzira amene akufuna ntchito yolimba asalekere pa mabwalo, koma ayesenso m'timachubu ta msuzi womeretsera tizilombo, akumachepetsa mafuta ndi theka pa chubu chilichonse, kuti apeze mlingo wochepetsetsa umene ukuletsa kukula. Ayezenso kuchuluka kwa zidulo zomasuka m'mafuta alionse tsiku lomwelo, chifukwa popanda nambala imeneyo n'kovuta kufotokoza chifukwa chimene botolo lina laposera linzake.

Za pakhungu

Bwalo loyera pa mbale ya Petri silisandutsa mafuta kukhala mankhwala. Chipere cha m'mutu chimayamba ndi mafangasi, tizilombo ta m'gulu limodzi ndi chuku, amene amalowa m'kati mwa tsitsi, ndipo ngakhale mankhwala opaka enieni safikamo. Chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa masabata angapo, olembedwa kuchipatala. Chipere cha pathupi chimamva mankhwala opaka monga clotrimazole. Pa mfundu za m'mutu mafuta angawonjeze vuto, chifukwa yisiti wa Malassezia amene amakhudzidwa ndi mfunduzo amadya mafuta. Pa bala, pa chilonda cha moto ndi m'khutu lotuluka mafinya musathiremo mafuta oyenga pakhomo, ndipo mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza asawadzole n'komwe. Amene akuganiza zowagulitsa m'timabotolo tolembedwa kuti amachiza matenda adziwe kuti mankhwala m'dziko muno amavomerezedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo mafuta odya amayang'aniridwa ndi Malawi Bureau of Standards.

Kumene mafutawa amagwira ntchito: kudimba

Pali malo amodzi pamene mafuta a mtedza kapena a soya amathandizadi pa mafangasi, ndipo ndi pa matenda aja amene amachititsa masamba a maungu, nkhaka ndi nsawawa kuoneka ngati wina wawawaza phulusa. Mafangasi a matendawa amakhala pamwamba pa tsamba, pamene mafuta angawakute ndi kulepheretsa mbewu zake kumera. Apa kutchinga kuja, kumene pa mbatatesi tinkakuona ngati chosokoneza, ndi kumene kukugwira ntchito.

Thirani supuni ziwiri zazing'ono za mafuta, zimene ndi mamililita 10, m'botolo la lita imodzi, onjezani madontho ochepa a sopo wamadzi wotsukira mbale, thirani madzi ofunda pang'ono mpaka theka, ndipo khutchumulani mpaka zioneke ngati mkaka wosungunula musanadzaze botololo. Yambani mwathothola ndi kukwirira masamba amene ayereratu, chifukwa amenewo sachira. Poperani masamba awiri kapena atatu okha poyamba ndi kudikira masiku awiri. Ngati sanapserere m'mbali, poperani mbewu zonse pamwamba ndi pansi pa tsamba, mukugwedeza botolo pafupipafupi kuti mafuta asayandame. Nthawi yake ndi madzulo dzuwa litapendeka, osati masana otentha a Okutobala ndiponso osati pa mbewu zofota ndi ludzu, popeza mafuta pa tsamba lotentha amaliwotcha. Musawasakanize ndi mankhwala a sulufule, kapena kupopera patangopita masiku ochepa mutathira sulufuleyo.

Bwerezani pakatha masiku 7 mpaka 10, komanso mvula yamphamvu ikagwa. Siyani mzere umodzi wosapopera kumapeto kwa dimba ndi kuukhomera kamtengo, kuti pakatha masabata atatu muwerenge masamba ogwidwa pa mbewu khumi za mzerewo ndi khumi za mizere yopoperedwa. Nkhwani wothyola pa mbewu zopoperedwa mutsukeni kawiri ndi madzi oyera musanamusadzule, chifukwa sopo wotsalira amamveka m'ndiwo.